Abwana akufuna kudziwa amene akumaliza intaneti: firewall ingawauze chiyani?

Funso: Ndimayang'anira makompyuta pa bungwe lina laling'ono ku Zomba, tilipo anthu 34. Tili ndi laini ya intaneti ya 20 Mbps, ndipo firewall yathu ndi pulogalamu ya pfSense imene anaiika munthu amene ndinamulowa m'malo. Ikangokwana 10 koloko m'mawa intaneti imayamba kukwawa, misonkhano ya pa Zoom imadukaduka. Abwana andiuza kuti mwezi uno usanathe ndiwapatse lipoti loonetsa amene akumaliza intaneti komanso mawebusaiti amene munthu aliyense akulowa. Ndatsegula malogi a firewall koma ndikungoona manambala okhaokha. Ndiyambire pati?

Yankho: Achimwene, musanadine batani lililonse, dziwani kuti abwana anu akutumani ntchito ziwiri, ngakhale iwo akuiona ngati imodzi. Yoyamba ndi kupeza chimene chikudzaza laini, ndipo imeneyi pfSense ingakuthandizeni mawa lomwe dzuwa lisanafike paliwombo. Yachiwiri ndi kudziwa zimene munthu aliyense akuchita pa intaneti. Imeneyi ndi yolimba kuposa mmene abwanawo akuganizira, mayankho ake amabwera operewera, ndipo ikasokonekera amene amakhala m'madzi ndi inuyo amene munasindikiza lipotilo. Ine mmene ndaonera m'maofesi ambiri, ntchito yoyamba ikagwirika bwino yachiwiri imazirala yokha, chifukwa chikuwapweteka abwana ndi Zoom yodukayo, si Facebook ya akalaliki.

Firewall muziiona ngati mlonda wa pageti amene ali ndi buku lake. Galimoto ikamatuluka amalemba nambala yake, nthawi, ndi kumene ikupita. Angathenso kuona kuti yanyamula katundu wambiri kapena wochepa. Koma katunduyo ali m'makatoni omata, ndipo amene wakhala pa chiwongolero mlondayo samudziwa, amangodziwa nambala ya galimoto. Manambala amene mukuwaona m'malogi ndi bukulo: nthawi, adiresi ya IP ya chipangizo chimene chayamba kulankhula, adiresi ya kumene chikulankhula nako, port (nambala ya khomo limene chagogoda), ndiponso ngati firewall yalola kapena yakana. Dzina la munthu mulibemo. Zochitika m'kati mwa mpanda mlondayu sazionanso. Makompyuta awiri amene ali pa switch imodzi, kabokosi kolumikizira mawaya a makompyuta, akamatumizirana mafayilo, firewall siimva kanthu. Wina akazimitsa Wi-Fi ya ofesi n'kuyatsa bandulo yake ya TNM kapena Airtel, ameneyo wadutsa geti lina.

Malogi amene mwatsegulawo, a pa Status > System Logs > Firewall, si malo oyambira, ndipo pali zifukwa zake. pfSense ikangoikidwa kumene imalemba kwambiri zimene yakana, osati zimene yalola. Lamulo lija lolola makompyuta onse a pa LAN, netiweki ya m'kati mwa ofesi, kutuluka sililemba chilichonse pokhapokha mutalowa m'lamulomo n'kuchonga kabokosi ka Log. N'chifukwa chake mukuona mizere yambirimbiri ya maadiresi achilendo akugogoda pa WAN, mbali ya firewall yoyang'ana ku intaneti, n'kukanidwa. Zimenezo zisakuopseni, aliyense amene ali pa intaneti amagogodedwa choncho usana ndi usiku. Koma ngakhale mutachonga kabokosiko, firewall imalemba mzere umodzi pamene kulumikizana kukuyamba, kenako imangokumbukira kuti awa ndawalola kale. Munthu amene wakoka fayilo ya 5 GB ndi munthu amene watsegula imelo imodzi angathe kusiya mzere umodzi aliyense. Malogi amayankha funso lakuti ndani analankhula ndi ndani. Funso lakuti ndani wanyamula katundu wambiri saliyankha.

Chitani izi. Mawa, intaneti ikangoyamba kukwawa, tsegulani Status > Traffic Graph ndipo musankhe WAN. Onani ngati mzere wafika pamwamba n'kuphwathalala ngati denga. Ukaphwathalala cha pa 19 kapena 20 Mbps, laini yadzaza ndithu ndipo vuto lili m'nyumba mwanu. Ukakhala pa 6 Mbps koma anthu akudandaulabe, musavutitse aliyense mu ofesi: mwina amene amakugulitsani intaneti sakukupatsani zimene mukulipira, mwina Wi-Fi yanu ndi imene yatopa. Tengani laputopu, muilumikize ndi waya molunjika ku switch, muyesenso. Anthu ambiri amalumpha sitepe imeneyi n'kutha mwezi akusaka wakuba pamene palibe chabedwa.

Laini ikakhala kuti yadzaza, sinthani pa tsamba lomwelo musankhe LAN. M'munsi mwa chithunzicho mumabwera ndandanda wa maadiresi ndi kuchuluka kwa zimene aliyense akukoka ndi kutumiza pa nthawi imeneyo, ndipo mungathe kuusanja kuti wodya kwambiri akhale pamwamba. Apa pali kamsampha kamene kamakola pafupifupi aliyense: mawu akuti in ndi out pa chithunzicho amanenedwa potengera firewall, osati inu. Pa WAN, in ndi zimene ofesi ikukoka kuchokera kunja. Pa LAN, in ndi zimene makompyuta anu akutumiza kunja, chifukwa zikulowa mu firewall kuchokera kwa iwo. Mukaipeza adiresi yokayikitsa, pitani pa Diagnostics > States, muilembe m'bokosi losefera, muone kuti ikulankhula ndi ndani. Diagnostics > pfTop imaonetsa zomwezo zikuyenda, ndipo mungaisanje potengera kukula kwa data.

Tiwerengereko pang'ono, chifukwa abwana adzafunsa. Laini imagulitsidwa mu ma megabit, mafayilo amayezedwa mu ma megabyte, ndipo byte imodzi ndi ma bit 8. Ndiye 20 Mbps ndi 2.5 MB pa sekondi, kapena kuti pafupifupi 9 GB pa ola laini ikadzaza kotheratu. Mukagawa 20 kwa anthu 34, aliyense akupeza pang'ono kupitirira theka la Mbps. Koma anthu 34 si zipangizo 34. Aliyense ali ndi laputopu ndi foni, ena mafoni awiri, kuphatikizapo maprinta ndi makamera. Musadabwe mukawerenga zipangizo zoposa 70 pa netiweki yanu.

Tsopano chinthu chimene ndikufuna muchiyang'anitsitse ndi mbali yotumiza kunja. Maso a aliyense amathamangira kwa amene akukoka, koma m'maofesi ang'onoang'ono chimene chimapha Zoom kawirikawiri ndi chipangizo chimodzi chimene chikutumiza. Malaini ambiri amakhala ndi njira yotumizira yocheperapo kuposa yokokera, choncho funsani kuti 20 Mbps yanuyo ndi ya mbali zonse ziwiri kapena ayi. Njira yotumizira ikadzaza, mapaketi amaima pa mzere wautali mu rauta ya kampani ya intaneti, ndipo mawu anu a pa Zoom amaima pa mzere womwewo kumbuyo kwa zithunzi za wina. Ngakhale kukoka kumachedwa, chifukwa kompyuta yokoka imayenera kumatumiza timauthenga totsimikiza kuti yalandira, ndipo timeneti natonso tatsekeredwa. Akatswiri amati bufferbloat. Mungaione ndi maso anu: siyani ping, imene imayeza nthawi imene uthenga umatenga kupita ndi kubwera, ikuyenda kupita ku 8.8.8.8, seva ya Google, kuyambira m'mawa. Nthawi ya yankho ikachoka pa ma millisecond makumi angapo n'kukwera kufika mazana kapena kupitirira sekondi pamene anthu ayamba kudandaula, ndi imeneyo.

Ndinaitanidwapo pa ofesi ina ku Lilongwe kumene mlandu unali utagamulidwa kale ine ndisanafike. Aliyense ankaloza chala mtsikana wa pa resepishoni, ati amangokhalira kuonera mafilimu pa YouTube. Zoona ankaonera, koma pa kafoni kake, ndipo pa chithunzi cha LAN ankaoneka ngati kadontho. Pamwamba pa ndandanda panali adiresi ina imene inkatumiza mosapumira kuyambira 8 koloko. Tinaitsatira mpaka tinaipeza: laputopu ya mkulu wa mapulojekiti. Anali atabwera kuchokera ku fildi ndi mavidiyo a mwambo wopereka mijigo, n'kuwaponya onse mu foda imene imadzitumiza yokha ku OneDrive, malo osungira mafayilo pa intaneti. Mwiniwakeyo sankadziwa n'komwe, ndipo ndi amene ankadandaula kwambiri. Tinangolowa mu OneDrive yake n'kuika malire a liwiro lotumizira, intaneti inabwerera mphindi yomweyo. Sindinamve aliyense akumupepesa mtsikana uja.

Akuba ena a mtundu womwewu ndi Google Photos ndi iCloud pa mafoni amene amadikira Wi-Fi kuti atumize zithunzi za ukwati wa Loweruka, makamera a CCTV amene anawaika kuti azionekera pa foni ya abwana, ndi Windows Update. Microsoft imatulutsa zokonza zake Lachiwiri la sabata yachiwiri ya mwezi, kapena kunena molondola, Lachiwiri lachiwiri m'mwezimo, cha m'ma 10 koloko m'mawa nthawi ya kugombe la kumadzulo kwa America. Kwathu kuno nthawi imeneyo ndi madzulo, maofesi atatsekedwa. Ndiye Lachitatu m'mawa makompyuta onse akayatsidwa amathamangira pa chitsime chimodzi. Ngati muona kuti Lachitatu lina pamwezi ndi loipa kuposa masiku onse, onani kalendala musanaone anthu.

Traffic Graph imangokuonetsani za pompano. Pa lipoti mufunika mbiri ya masiku angapo. Status > Monitoring ili ndi zithunzi za masabata ndi miyezi, koma za laini yonse pamodzi, osati chipangizo chilichonse pachokha. Kuti muone aliyense payekha muyenera kuwonjezera pulogalamu kuchokera pa System > Package Manager. Yamphamvu kwambiri ndi ntopng, yochokera ku ntchito ya Luca Deri wa ku Italy amene anayamba ntop mu 1998. Imeneyi imayang'ana mmene kulumikizana kulikonse kukuonekera n'kukuuzani kuti uku ndi YouTube, uku ndi WhatsApp, uku ndi Windows Update, uku ndi BitTorrent, ndipo imawerengera chipangizo chilichonse. Vuto lake ndi lakuti ndi yolemera. Ngati pfSense yanu ili pa kabokosi kakang'ono ka RAM yochepa kamene kamasunga zinthu pa kakhadi kapena pa eMMC, ntopng idzakachedwetsa ndipo kulembalemba kwake kudzafupikitsa moyo wa kakhadiko. Ikakhala pa kompyuta yakale ya pa desiki yokhala ndi SSD ndi RAM ya 4 GB kapena kuposa, ikani. Pa kabokosi kakang'ono gwiritsani ntchito darkstat kapena bandwidthd, zimene zimangowerenga kuchuluka osasiyanitsa mapulogalamu. Njira ina ndi softflowd, imene imatumiza chidule cha kulumikizana kulikonse ku kompyuta ina kudzera mu NetFlow, njira imene Cisco inayambitsa m'ma 1990. Pa ofesi ya anthu 34 ine sindingafike kumeneko.

Mukaika, isiyeni sabata yathunthu musananene kanthu kwa aliyense za amene mukumuganizira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku limodzi lingakunamizeni: amene wadya kwambiri Lolemba mwina amakoka fayilo ya ntchito imene woyang'anira wake anamutuma.

Koma zonsezi zikupatsani maadiresi, ndipo adiresi si munthu. Pano ndi pamene pali ntchito yotopetsa imene ambiri amaithawa. DHCP, njira yogawira zipangizo maadiresi, imangowabwereketsa, moti 192.168.1.57 ya lero ingathe kukhala ya chipangizo china sabata yamawa. Lowani pa Status > DHCP Leases, ndipo kompyuta iliyonse ya bungwe muipatse adiresi yosasintha ndi dzina lomveka, monga akawunti-1 kapena resepishoni. Zimenezi zimatheka pomangirira adiresi ya IP ku adiresi ya MAC ya chipangizocho, nambala imene chimabwera nayo kuchokera kufakitale. Mafoni ndiye amavuta. Kuyambira pa Android 10 mu 2019 ndi iOS 14 mu 2020, mafoni amabisa MAC yawo yeniyeni n'kumapereka yongopeka pa Wi-Fi iliyonse, ndipo nthawi zina imasintha. Osalimbana nawo. Apatseni Wi-Fi yawoyawo pa VLAN ina, kutanthauza gawo lina la netiweki, mafoni onse a anthu ndi a alendo akhale kumeneko, ndipo muziwawerengera ngati gulu limodzi.

Yang'ananinso kuti Wi-Fi yanu ikuchokera pa chiyani. M'maofesi ambiri wina anagula rauta ya kunyumba m'shopu, n'kulumikiza waya wa ofesi pa port yake ya WAN. Rauta yoteroyo imapanga kanetiweki kakekake ndipo onse amene ali kumbuyo kwake amaonekera ku firewall ngati adiresi imodzi. Mukapanda kudziwa, mudzalemba mu lipoti kuti chipangizo chimodzi chamaliza theka la intaneti ya ofesi, pamene ndi anthu khumi ndi asanu. Isandutseni access point: zimitsani DHCP yake, waya ulowe pa port ya LAN.

Ngati mukufunadi mayina a anthu, pfSense ili ndi captive portal, tsamba lija limene limafunsa dzina ndi pasiwedi munthu asanalowe pa intaneti, ndipo mungailumikize ndi FreeRADIUS kuti aliyense akhale ndi zakezake. Imagwira ntchito. Koma inu mukuwadziwa anzanu: pofika Lachisanu pasiwedi ya mmodzi idzakhala pa mafoni anayi, kuphatikizapo ya mlamu wake amene anangobwera kudzapereka moni.

Tifike pa funso lachiwiri, la mawebusaiti. Zaka khumi ndi zisanu zapitazo yankho likanakhala losavuta. Munkaika Squid, pulogalamu imene imaima pakati pa makompyuta ndi intaneti, masamba ambiri ankayenda osabisika pa port 80, ndipo lipoti linkaonetsa tsamba lililonse limene munthu watsegula. Nthawi imeneyo inapita. Let's Encrypt inayamba kupereka masatifiketi aulere othandiza mawebusaiti kubisa zimene akutumiza chakumapeto kwa 2015, ndipo mu July 2018 Chrome inayamba kulemba kuti Not secure pa tsamba lililonse lopanda HTTPS, njira yobisirayo. Lero pafupifupi chilichonse chimene anthu anu amatsegula ndi katoni yomata. Firewall siingaone mawu amene munthu wasaka pa Google, vidiyo imene waonera, kapena uthenga umene watumiza pa WhatsApp. Adiresi ya IP ya kumene wapita nayonso siinena zambiri, chifukwa mawebusaiti zikwizikwi amakhala kumbuyo kwa maadiresi omwewo a Cloudflare kapena Akamai.

Chotsala ndi dzina la webusaiti basi, ndipo limaonekera pa malo awiri. Oyamba ndi DNS: kompyuta isanapite kulikonse imafunsa kuti dzina lakuti lili pa adiresi iti. Ngati makompyuta anu amafunsa pfSense, mungalowe pa Services > DNS Resolver, m'bokosi la Custom options mulembe mzere wa server: kenako log-queries: yes, ndipo mafunso onse ayamba kulembedwa. Achiwiri ndi pa moni woyamba wa HTTPS, pamene msakatuli amatchula dzina la seva imene akufuna, gawo lotchedwa SNI. Pamenepo ndi pamene ntopng imadziwira zambiri zimene imakuuzani.

Musanathamange nazo kwa abwana, yesani nokha. Yatsani malogi a DNS, tsegulani tsamba limodzi la nyuzipepala pa kompyuta yanu, kenako muwerenge zimene zalembedwa. Mupeza mayina makumi angapo: a Facebook, a Google, a makampani otsatsa malonda, mwinanso a kubetcha, zonsezo chifukwa tsambalo linakoka zithunzi ndi zotsatsa kuchokera kumeneko. Inu simunalowe pa Facebook, koma buku likuti munalowa. Foni imene ili m'thumba, mwiniwake ali mu msonkhano, imafunsa za WhatsApp, Instagram ndi TikTok mphindi zingapo zilizonse. Dzina limodzi la webusaiti yolaula lingathe kuoneka chifukwa cha kachithunzi kotsatsa kamene kanatulukira pa tsamba lokokera nyimbo. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Munthu akachotsedwa ntchito chifukwa cha mzere woterowo, mlandu ukapita ku khoti loona za ntchito adzaitanidwa ndi inu kuti mufotokoze kuti mzerewo ukutsimikiza chiyani, ndipo yankho loona ndi lakuti ukutsimikiza kuti chipangizo china chinafunsa dzina, basi.

Ndiponso mawindo awiri aja, DNS ndi SNI, akutsekeka pang'onopang'ono. Kuyambira pa Android 9, mafoni ali ndi Private DNS imene imabisa mafunso kudzera pa port 853. Asakatuli ali ndi DNS over HTTPS, imene inakhazikitsidwa mu 2018 ndipo imayenda pa port 443 mosakanikirana ndi masamba wamba. Mungatseke port 853, mungakakamize mafunso onse a pa port 53 kudzera pa pfSense, mungagwiritse ntchito pfBlockerNG kutseka maseva odziwika a DNS yobisika. Firefox ili ndi ulemu wake: DNS yanu ikayankha kuti dzina la use-application-dns.net kulibe, siiyatsa yokha DNS yobisika, ngakhale kuti munthu amene waiyatsa ndi dzanja lake imamumvera iyeyo. SNI nayonso yayamba kubisidwa ndi njira yatsopano yotchedwa ECH. Ndipo amene waika VPN pa foni, inu mumangoona mpope umodzi wopita ku adiresi imodzi. Mapeto ake lipoti lanu lidzagwira osadziwa zamakompyuta, ochenjera onse atadutsa.

Wina adzakuuzani kuti pali njira yomatula makatoni: kuika Squid pakati, kulowetsa satifiketi yanu pa kompyuta iliyonse, firewall izitsegula HTTPS, kuwerenga, n'kumatanso. N'zoona imatheka, ndipo makampani akuluakulu amachita ndi zida zodula. Inu musayerekeze. Mapulogalamu a mabanki ndi ena ambiri a pa foni amakana satifiketi yachilendo ndipo amangosiya kugwira ntchito. Mapasiwedi a anthu a kubanki ndi makalata awo a kuchipatala adzayamba kudutsa osabisika m'bokosi limene inu mukuyang'anira nokha, ndipo likathyoledwa mlandu wake ndi waukulu. Komanso Netgate, kampani imene imapanga pfSense, inalengeza chakumapeto kwa 2023 kuti yasiya kulimbikitsa Squid pa pfSense chifukwa cha mabowo a chitetezo amene anali asanatsekedwe. Malangizo ambiri amene mungawapeze pa intaneti onena za Squid ndi Lightsquid analembedwa izi zisanachitike.

Za malamulo, ine si loya, ndipo bungwe lanu likafuna kupita patali lifunse loya. Koma zitatu izi muzidziwe. Gawo 21 la Malamulo Oyendetsera Dziko la Malawi limapatsa munthu aliyense ufulu wa chinsinsi, ndipo limatchula mwachindunji kusalowereredwa pa mauthenga ake, kuphatikizapo makalata ndi njira zonse zolankhulirana pa lamya. Pali lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016. Palinso lamulo loteteza zokhudza munthu, Data Protection Act la 2024, limene likuyang'aniridwa ndi MACRA. Ndandanda wa mawebusaiti amene munthu wodziwika dzina walowa ndi nkhani yokhudza munthuyo, ndipo ungaulule matenda ake, chipembedzo chake, ngongole zake, kapena kuti akufunsira ntchito kwina. Ku Ulaya nkhani yofanana inafika ku khoti la ufulu wa anthu ku Strasbourg. Bogdan Bărbulescu, injiniya wa ku Romania, anachotsedwa ntchito bwana wake atawerenga mauthenga ake a pa Yahoo Messenger. Mu September 2017 khotilo linagamula kuti ufulu wake unaphwanyidwa, ndipo mfundo yaikulu inali yakuti makhoti a kwawo sanafufuze ngati anauzidwa pasadakhale kuti mauthenga ake aziyang'aniridwa komanso mpaka pati. Chigamulocho sichimanga Malawi, koma funso lake ndi limene aliyense woweruza angafunse: kodi anthuwo munawauza?

Ndiye auzeni. Tsamba limodzi likwanira: netiweki ya ofesi ndi ya ntchito, bungwe limalemba kuchuluka kwa data ndi mayina a mawebusaiti pa zipangizo zake, siliwerenga mauthenga, malogi amaonedwa ndi akutiakuti, amasungidwa kwa masiku akutiakuti kenako amafufutidwa. Aliyense asaine, abwana poyamba. Mudzaona kuti tsiku limene pepalalo lazungulira mu ofesi, chithunzi cha WAN chidzatsika chokha.

Mankhwala enieni a Zoom yanu ali pa Firewall > Traffic Shaper > Limiters. Pangani malire awiri, a kukoka ndi a kutumiza, muwaike pang'ono pansi pa liwiro lenileni limene mwayeza, mwachitsanzo 18 pa laini ya 20, ndipo scheduler ikhale FQ_CoDel. Cholinga chochepetsera dala ndi chakuti mzere uziima mu pfSense yanu, mmene mungaulamulire, osati mu rauta ya kampani. FQ_CoDel imagawa mpata pakati pa kulumikizana konse kotero kuti kakang'ono kofuna changu, ngati mawu a pa msonkhano, sikadikira kumbuyo kwa fayilo yaikulu. Pa Wi-Fi ya mafoni ikani malire a gulu lonse, mwina 4 kapena 5 Mbps, aziphangirana okhaokha. Mukamangirira malire pa lamulo la LAN kumbukirani kamsampha kaja: In ndi kutumiza, Out ndi kukoka. Pa makompyuta a Windows lowani mu Delivery Optimization, mulole kuti azigawana zokonza m'kati mwa ofesi mokha, osati ndi makompyuta a pa intaneti, ndipo muike malire a liwiro lake.

Kumene kuyang'anira netiweki kumalipiradi ndi pa chitetezo, ndipo izi mungauze abwana mosanyinyirika. Kompyuta ya ku akawunti imene ikulankhula ndi adiresi yachilendo 2 koloko usiku, printa imene ikuyesa kutumiza maimelo pa port 25, kamera imene ikugogoda pa maadiresi mazana ambiri pa mphindi: zimenezi ndi zizindikiro za chipangizo chogwidwa, ndipo simufunika kutsegula uthenga wa munthu aliyense kuti muzione. Tsekani port 25 yotuluka, chongani Log pa lamulo limenelo, ndipo muzilisuzumira m'mawa uliwonse. Malogi a pfSense amasungidwa m'timafayilo ting'onoting'ono timene timasinthidwa tikadzaza, moti pa ofesi yotanganidwa za sabata yatha mwina simuzipezanso. Ngati amene munamulowa m'malo anayatsa RAM disk, imene imasunga malogi mu RAM osati pa diski, magetsi akazima mwadzidzidzi zina zimapita nawo. Atumizeni ku kompyuta ina kudzera pa Remote Logging, imene imagwiritsa ntchito syslog pa port 514. Onaninso kuti wotchi ya firewall ili pa nthawi ya kuno ndipo NTP, imene imakonza wotchiyo, ikugwira, chifukwa logi yosiyana ndi wotchi ya pakhoma ndi maola awiri ingaike mlandu pa munthu amene anali atapita kale kunyumba.

Lipoti la kumapeto kwa mwezi ine ndikanalilemba chonchi. Tsamba loyamba, chithunzi cha WAN cha sabata imodzi musanakonze ndi china mutakonza. Lachiwiri, data yagawika bwanji potengera mtundu: zokonza za Windows, zosungira pa intaneti, mavidiyo, misonkhano, mafoni onse pamodzi. Lachitatu, zipangizo zisanu zodya kwambiri, zotchulidwa ndi mayina a zipangizo, ndi chimene chinachititsa. Ngati mutakonza zonse laini ikudzazabe ndi ntchito yeniyeni, lembani mosabisa kuti 20 Mbps yachepa, ndipo chithunzicho chidzakuthandizani kupempha ndalama. Abwana akakakamirabe kuti akufuna ndandanda wa munthu aliyense ndi mawebusaiti ake, apempheni mwaulemu kuti pempholo alilembe ndi kusaina, litchule chifukwa chake ndi masiku amene akufuna, ndipo pepala lodziwitsa antchito lija likhale litazungulira kale. Muwakumbutsenso, mwaulemu womwewo, kuti laputopu yawo ndi mafoni awo awiri zili pa netiweki yomweyo, ndipo ntopng siidziwa kuti abwana ndi ati.